Cholowa cha nzimbe ku Negros Occidental: nyumba za eni minda, thukuta la odula

Pa shuga yense amene dziko la Philippines limapanga, woposa theka amachokera pa chilumba chimodzi chokha, cha Negros, ndipo minda yambiri ya nzimbe ili kumadzulo kwa chilumbachi, m'chigawo cha Negros Occidental. Likulu la chigawochi ndi mzinda wa Bacolod. Mlendo akafunsa za chikhalidwe cha anthu a kumeneko, amamuonetsa nyumba zakale za m'tauni ya Silay, chikondwerero cha zigoba zomwetulira cha MassKara, tchalitchi cha Khristu wa nkhope yaukali ku Victorias, ndi nkhuku yowotcha pamakala yotchedwa inasal. Zonsezi n'zenizeni, ndipo eni ake sakulakwa kuzinyadira. Koma palibe n'chimodzi chomwe chimene chingamveke bwino munthu asanadziwe mmene nzimbe zinagawira anthu a ku Negros pawiri: mabanja ochepa okhala ndi malo, ndi khamu lodula nzimbe pa malo a eni. Cholowa cha chigawochi anachipanga ndi magulu onse awiri, kungoti cha gulu loyamba chinamangidwa ndi miyala ndi matabwa olimba, pamene cha gulu lachiwiri chimayenda m'kamwa, m'nyimbo ndi m'ngongole zosiyirana.

Pakati pa chilumbachi padutsa mzere wa mapiri. Lalitali koposa ndi Kanlaon, phiri lophulika la mamita opitirira 2,400, limene linaphulikanso mu 2024. Phulusa limene lakhala likulavula kuyambira kalekale ndi limene linapatsa chonde dothi la m'zigwa zakumadzulo. Dzina lakale la chilumbachi linali Buglas, ndipo oyamba kukhalapo anali a mtundu wa Ati, anthu akhungu lakuda ndi tsitsi lopotana. Anthu a ku Spain atafika m'zaka za m'ma 1560 n'kuwaona, anachitcha Negros, kutanthauza anthu akuda. A Ati akadalipo, m'midzi ing'onoing'ono monga Marikudo ku Isabela, kumene minda inawakankhira. Kwa zaka pafupifupi 300 zoyamba za ulamuliro wa Spain chilumbachi sichinkawerengeredwa: nkhalango, timidzi ta m'mbali mwa nyanja, mpunga ndi nsomba. Chuma chinali tsidya lina, mumzinda wa Iloilo pa chilumba cha Panay, kumene amayi masauzande ankawomba nsalu za thonje, silika ndi ulusi wa masamba a chinanazi.

Zinthu zinatembenuka mu 1855, pamene boma la Spain linatsegula doko la Iloilo kuti zombo za mayiko ena ziziimapo. Chaka chotsatira kunafika Mngelezi wina, Nicholas Loney, kudzaimira boma la Britain. Loney ankachita malonda a mbali ziwiri. Ankalowetsa nsalu zotsika mtengo za m'mafakitale a ku Manchester, zimene pang'ono ndi pang'ono zinapha ntchito ya amayi owomba aja. Ndipo pofuna kuti zombo zisamabwerere zopanda katundu, ankakongoza anthu ndalama ndi makina ofinyira nzimbe oyendera nthunzi, kuti adzabweze ndi shuga. Mabanja a amalonda a ku Jaro ndi ku Molo, madera a ku Iloilo, ambiri a magazi osakanikira a Chitchaina ndi Chifilipino, ataona kuti malonda a nsalu alowa pansi, anaoloka nyanja ndi ndalama zawo kukagula malo, kukalanda ena, ndi kukaswa mphanje ku Negros. Maina awo, Lacson, Ledesma, Locsin, Lopez, Jalandoni, Lizares, Araneta, ndi omwewo amene lero ali pa zikwangwani za misewu ya ku Bacolod ndi pa mapepala oponyera voti. Anabwera ndi chinenero chawo cha Hiligaynon, chimene mpaka pano ndicho chachikulu m'chigawochi, kupatula matauni oyang'anizana ndi chilumba cha Cebu monga San Carlos ndi Escalante kumene amalankhula Cebuano. Loney asanabwere n'komwe, Mfalansa wina, Yves Leopold Germain Gaston, anali atayamba kale kuphika shuga wogulitsa ku Silay m'zaka za m'ma 1840.

Munda waukulu wa nzimbe amautcha hacienda, mwini wake hacendero. Tikhalitse pang'ono pa hacienda, chifukwa ndi pamene moyo wa anthu ambiri unaumbidwira. Antchito ake ali mitundu iwiri. A dumaan amakhala pamunda pomwepo chaka chonse, m'nyumba zoima pa malo a bwana. Ambiri anabadwira pomwepo, ndipo makolo awo ankagwirira ntchito makolo a bwanayo. A sacada ndi aganyu a nyengo yodula, amene kwa zaka zambiri ankachokera ku Antique, chigawo chosauka cha pa Panay. Amawasonkhanitsa ndi munthu wapakati wotchedwa contratista. Iyeyu amapita kumudzi, kusiya ndalama pang'ono kubanja la mnyamata, n'kumutenga. Kuyambira tsiku limenelo mnyamatayo ali pa ngongole. Ya ulendo, mpunga, nsomba zouma, mankhwala akadwala, zonse zimalembedwa m'buku la contratista pa mtengo woposa wa pamsika. Malipiro sawerengera tsiku koma matani a nzimbe zimene gulu ladula ndi kupakira, njira imene amaitcha pakyaw, ndipo sikelo ili m'manja mwa ena. Ntchito yake ndi ya kalavulagaga: kudula ndi chikwanje chachitali chotchedwa espading, kusadza masamba, kusenza mtolo paphewa n'kukwera nawo pa thabwa lopendekeka mpaka pamwamba pa lole. Masamba a nzimbe amacheka khungu, choncho ngakhale dzuwa liswe mtengo wodula amavala malaya a manja aatali, nkhope atakulunga ndi nsalu. Nyengo ikatha ambiri amabwerera kwawo chimanjamanja, ena ali ndi ngongole imene idzawakokenso chaka chamawa. Amene akudziwa moyo wa matenanti a m'maesiteti a fodya sangavutike kulimvetsa buku limeneli.

Ndiye pali tiempo muerto, nyengo yakufa. Mafakitale amagaya nzimbe kuyambira cha mu Okutobala mpaka cha mu Epulo kapena Meyi. Kenako nzimbe zimangokula zokha, ntchito n'kuchepa: kupalira ndi kuthira feteleza basi, masiku awiri kapena atatu pa sabata. Kwa miyezi inayi kapena kupitirira, banja la dumaan lilibe ndalama, ndipo nthawi zambiri lilibe ndi kadimba komwe, chifukwa nzimbe zadzalidwa mpaka pakhomo. Anthu okhala pa dothi lachonde chotere amadya mpunga wa ngongole. Kale bwana ndiye ankawaolotsa nyengo imeneyi: ankapereka mpunga, kulipira kuchipatala, kugula bokosi pa maliro, kuimira mwana pa ubatizo. Antchito ankamutcha amo, ana ake n'kumawatcha Toto ndi Inday, mwaulemu wosakanikira ndi chikondi. Sindikunena kuti chikondicho chinali chabodza chonse. Mabanja ena ankasamaladi anthu awo. Koma chisamaliro chimene munthu sangachikakamize, chodalira mtima wa bwana ndi mtengo wa shuga ku New York, chimamanga munthu miyendo. Amene wakugulira bokosi la amayi ako sungamufunse za malipiro, ndipo pa tsiku la chisankho voti yako amakhala akuidziwa kale.

Phindu la zonsezi likuoneka ku Silay, tauni ya kumpoto pang'ono kwa Bacolod kumene kulinso bwalo la ndege. Kuli nyumba zakale pafupifupi 30 zimene boma linazindikira kuti ndi chuma cha fuko, zambiri zomangidwa kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 mpaka nkhondo yachiwiri ya padziko lonse isanayambe. Kamangidwe kake n'kanzeru, koyenerana ndi dziko lotentha ndiponso la zivomezi. Pansi amamanga ndi miyala kapena njerwa, ndipo kumeneko n'kosungira ngolo ndi katundu. Banja limakhala pamwamba, pa nsanja ya matabwa olimba imene imagwedera nthaka ikagwedezeka m'malo mong'aluka. Mazenera ndi aakulu, otsegula mokankhira m'mbali, ena oikidwa zikamba zopyapyala za nkhono zam'nyanja zotchedwa capiz m'malo mwa galasi, zimene zimalowetsa kuwala koma kuchepetsa ukali wa dzuwa. Kunsi kwa zenera kumakhala kazenera kena kofika pansi kolowetsa mphepo usiku, ndipo pamwamba pa makoma a zipinda pali matabwa oboolaboola mwaluso kuti mpweya uziyenda nyumba yonse. Pa zikwangwani za pakhomo mupeza dzina la amene analipira nyumbayo. La amene anasema matabwawo simulipeza kawirikawiri.

Yotchuka koposa ndi Balay Negrense, imene Victor Gaston, mwana wa Mfalansa uja, anamanga mu 1897 ndi kulereramo ana ake 12. Inakhala bwinja kwa zaka zingapo, okonda mbiri n'kuikonza, ndipo mu 1990 inatsegulidwa monga nyumba yoonetseramo zinthu zakale. M'kati muli tebulo lalikulu lozungulira lolembedwa maina a mbumba yonse ya Gaston. Tchalitchi cha San Diego, cha denga lobulungira, pulani yake anajambula ndi katswiri wa ku Italy, Lucio Bernasconi, m'zaka za m'ma 1920, ndipo ndalama zambiri anapereka ndi mwini minda Jose Ledesma. Masiku amenewo oimba ndi a zisudzo ochokera ku Europe ankabwera kudzasangalatsa mabanja a ku Silay, mpaka tauniyi anaipatsa dzina loti Paris wa ku Negros. M'mabanja omwewa munabadwa Leandro Locsin, amene anajambula pulani ya Cultural Center of the Philippines, nyumba ya zisudzo ndi zaluso ya ku Manila. Ku Talisay kuli mabwinja a nyumba imene Mariano Ledesma Lacson anamanga pokumbukira mkazi wake Maria Braga, amene anamwalira ali woyembekezera. Pa nkhondo yachiwiri, asilikali a m'tchire a Chifilipino anaitentha dala kuti asilikali a Japan asaisandutse likulu lawo. Matabwa anapsa, konkire inatsala chiimire, ndipo lero malowa, The Ruins, anthu amachitirako maukwati.

Ngakhale tsiku limene chigawochi chimalinyadira koposa lili ndi nkhope ziwiri. Pa 5 Novembala 1898 eni minda anaukira boma la Spain. Aniceto Lacson anatsogolera gulu lochokera kumpoto, Juan Araneta lochokera kumwera ku Bago, ndipo asilikali awo ambiri anali antchito a m'minda yawo. Mfuti zenizeni zinali zochepa. Anakulunga mphasa za nsungwi n'kuzipaka zakuda kuti zioneke ngati mizinga, anasema mitengo ya kanjedza ngati mfuti, n'kuguba kulowera ku Bacolod. Bwanamkubwa wa Spain, Isidro de Castro, ataona patali khamu looneka ngati la zida, anagonja tsiku lotsatira. Tsiku la 5 Novembala, Cinco de Noviembre, ndi la tchuthi m'chigawo chonse. Koma boma limene eni mindawa anakhazikitsa silinaime palokha nthawi yaitali: mu 1899 analandira asilikali a America ndi manja awiri, podziwa kuti msika wa shuga ndi chitetezo cha minda yawo zili kumeneko. Amene anapitiriza nkhondo anali munthu wa kumapiri, Papa Isio, mtsogoleri wa chipembedzo cha makolo cha babaylan, amene poyamba anali wantchito wa pa hacienda. Iye ndi anthu ake ankatentha minda ndi makina, ndipo anagonja mu 1907. M'mabuku a atsamunda analembedwa ngati chigawenga, ndipo panapita zaka zambiri dzina lake lisanayambe kutchulidwa pamodzi ndi la Lacson ndi Araneta.

Ubale ndi America unabala chuma cha mwanaalirenji. Kuyambira 1909 shuga wa ku Philippines ankalowa ku America osalipira msonkho. Kuyambira 1934 anapatsidwa gawo lake lotsimikizika la msika, ndipo gawoli linakulanso America itasiya kugula shuga wa ku Cuba mu 1960. Timakina ta pa hacienda tophikira shuga wofiirira tinalowedwa m'malo ndi mafakitale akuluakulu otchedwa central: Hawaiian-Philippine Company ku Silay mu 1918, Victorias Milling Company mu 1919, ndi ena ku San Carlos, La Carlota ndi Binalbagan. Mwini munda amapereka nzimbe, fakitale imagaya, shuga n'kugawana, mwini mundayo kutenga magawo pafupifupi awiri mwa atatu. Amalandira chikalata chotchedwa quedan chosonyeza matumba ake amene ali m'nkhokwe, ndipo amatha kuchigulitsa kapena kukongolera ndalama kubanki. Mafakitale anayala njanji zawo zing'onozing'ono m'minda. Masitima a nthunzi a kampani ya Baldwin, otenthera zotsalira za nzimbe zofinyidwa m'malo mwa malasha, anakoka nzimbe kwa zaka zambirimbiri, ndipo ena akusungidwabe ku Hawaiian-Philippine. Msika wotetezedwawu unagoneka anthu tulo. Popeza wogula analipo chaka ndi chaka, eni minda ambiri sanaone chifukwa chodzalira mbewu ina kapena chokonzera ulimi wawo.

M'kati mwa mpanda wa fakitale ya Victorias muli chinthu chimene ine ndimachiona kuti n'chamtengo wapatali koposa m'chigawo chonse: tchalitchi cha Yosefe Woyera Wantchito, chimene banja la Ossorio, eni fakitale, linamanga nkhondo itangotha. Pulani anajambula ndi Antonin Raymond. Mu 1950 Alfonso Ossorio, mwana wa mwini fakitale amene ankakhala ku New York pakati pa akatswiri ojambula monga Jackson Pollock, anadzaza khoma lonse la kuguwa ndi chithunzi cha Khristu pa tsiku la chiweruzo: manja otambasula, mtima ukuyaka moto, maso otong'ola, mitundu yofiira, yachikasu ndi yobiriwira yowala moti munthu amadzidzimuka polowa. Anthu anachitcha Khristu Wokwiya, ndipo poyamba ambiri sanachikonde. Mayi wina waluso, Ade Bethune, anakongoletsa makoma ndi zidutswa za mabotolo osweka zimene mabanja a antchito anatolera, ndipo wosema wa komweko, Benjamin Valenciano, anasema Maria, Yosefe ndi oyera ena a khungu lofiirira atavala zovala za Chifilipino. Izi zinachitika zaka zoposa khumi msonkhano wachiwiri wa Vatican, wa maepiskopi a mpingo wa Katolika, usanalimbikitse zoterezi. Tangoganizani Lamulungu m'mawa, oyang'anira fakitale ndi antchito awo atagwada pansi pa maso omwewo. Ku Manapla nako, pa Hacienda Rosalia, wansembe wa m'banja la Gaston, Bambo Guillermo Gaston, anamanga m'zaka za m'ma 1960 katchalitchi ka antchito ndi zipangizo za ntchito yawo: makoma a mawilo a ngolo zokokedwa ndi njati, mitondo ndi minsi, ndi Yesu wopachikidwa pa wilo la ngolo.

Kenako zinthu zinagwa chagada. Pangano la malonda ndi America lotchedwa Laurel-Langley linatha mu 1974. Chaka chomwecho mtengo wa shuga padziko lonse unakwera kupitirira masenti 60 a America pa paundi imodzi, imene ndi pafupifupi theka la kilogalamu, ndipo boma la Ferdinand Marcos, limene linali litadzitengera mphamvu zogulitsa shuga kunja, linaumira shuga poyembekezera kuti mtengo ukwerabe. Unatsika. Shuga anaunjikana mpaka kusowa pomusunga. Malonda onse anaikidwa m'manja mwa mabungwe a boma a Philsucom ndi Nasutra, otsogoleredwa ndi Roberto Benedicto, mnzake wa Marcos wa kusukulu ya zamalamulo, yemwenso anali wa ku Negros komweko. Alimi ankalipidwa mochedwa ndiponso mtengo wotsika. Kuwonjezera apo, makampani a zakumwa ku America anasiya shuga n'kuyamba kutsekemeretsa ndi manyuchi a chimanga. Pofika 1985 paundi ya shuga inali pa masenti osakwana 4. Eni minda anasiya kudzala, mabanki anayamba kulanda minda, ndipo antchito masauzande ambirimbiri anangoti kakasi, opanda ntchito, opanda munda, bwana amene ankawaolotsa nyengo yakufa naye ali m'khosi mwa ngongole. Chithunzi cha Joel Abong, mwana wowonda ndi njala m'chipatala cha ku Bacolod, chinazungulira dziko lonse mu 1985, ndipo bungwe la UNICEF linalowererapo kudyetsa ana.

Episkopi wa Bacolod pa nthawiyo, Ambuye Antonio Fortich, anali atachenjeza kale kuti Negros ndi phiri lina lodikira kuphulika. Kuyambira 1969 ankalankhula poyera za moyo wa a sacada, ndipo ansembe ena anathandiza kukhazikitsa bungwe la antchito a m'minda ya nzimbe, National Federation of Sugar Workers, mu 1971. Papa John Paul II atafika ku Bacolod pa 20 Febuluwale 1981, anauza eni minda ndi antchito pamodzi kuti nthaka ndi mphatso ya Mulungu kwa anthu onse. Eni minda ena sanakondwe nazo. Mu 1983 ansembe atatu, Brian Gore, Niall O'Brien ndi Vicente Dangan, pamodzi ndi akhristu eni ake asanu ndi mmodzi, anamangidwa pa mlandu wowasemera wopha meya wa Kabankalan. Mlanduwo unathetsedwa mu 1984. Pa 20 Sepitembala 1985, ku Escalante, apolisi ndi asilikali a boma anawombera khamu la antchito, asodzi ndi ophunzira amene ankachita zionetsero kutsogolo kwa ofesi za tauni. Anthu 20 anafa.

M'kati mwa mavuto amenewa ndi mmene munabadwira chikondwerero chimene lero chimatchukitsa Bacolod. Pa 22 Epulo 1980 sitima ya pamadzi ya Don Juan, yochokera ku Manila kupita ku Bacolod, inawombana ndi sitima yonyamula mafuta n'kumira usiku. Mabanja ambiri a mumzindawu analira maliro, kuphatikizapo la meya Jose Montalvo. Patangopita miyezi yochepa, alimi a nzimbe ali m'mavuto, misozi isanaume, meyayo pamodzi ndi akatswiri a zaluso a mumzinda, kuphatikizapo Ely Santiago amene anapeka dzina la MassKara, anakonza zoti mu Okutobala anthu avine m'misewu atavala zigoba zomwetulira. Zigoba zoyamba zinali za mapepala omata ndi zikamba za kokonati. Za lero n'zazikulu, zonyezimira, zodzaza mikanda ndi nthenga, ndipo madera a mumzinda amapikisana kuvina atakonzekera miyezi yathunthu.

Anthu a ku Negros eni ake sagwirizana pa tanthauzo la chikondwererochi. Ena amati ndi umboni wa mtima wosagonja. Ena, makamaka a m'mabungwe a antchito, amati kumwetulira kopaka utoto kunali njira yobisira alendo njala. Ine ndimaona kuti onse akunena zoona, ndipo mkangano umenewu ndi umene ukuonetsa kuti MassKara ili ndi mizu mwa anthu. Amene analira m'bale womira m'nyanja anali ndi ufulu wovina, ndipo palibe amene angawalande. Chimene sindivomereza ndi kusimba mbiri ya chikondwererochi ngati kuti mavuto onse anangodzigwera okha, chonsecho ena mwa mavutowo anali ndi eni ake odziwika maina. Ku Escalante, chaka chilichonse pa 20 Sepitembala, achinyamata a gulu la zisudzo la Teatro Obrero amaseweranso zimene zinachitika pabwalo lomwe lija. Opitako ndi ochepa poyerekeza ndi a ku MassKara, koma mwambowu nawo ndi wa chigawo chomwechi, wobadwa m'zaka zomwezo, m'nzimbe zomwezo.

Pa mbale ndi pamene magulu awiri aja amakumana mosavuta. Piaya ndi kamkate kophwatalala kothira shuga wofiirira wa muscovado m'kati, kowotcha pa chiwaya chouma, ndipo wochoka ku Bacolod sabwerera kwawo wopanda paketi yake. Napoleones ndi timakeke ta magawomagawo tothira kasitadi, tosonyeza mmene mabwana ankakondera za ku Europe. Koma chimene aliyense amadya, wolemera ndi wosauka, ndi inasal: nkhuku yoviikidwa mu viniga wa kokonati, madzi a timandimu ta calamansi, adyo, jinja ndi udzu wonunkhira mandimu, yobayidwa pa kamtengo n'kuwotcha pamakala kwinaku akuipaka mafuta ofiira a njere za achuete. Amadya ndi manja, mpunga atauthira mafuta a nkhuku. Palinso kansi, msuzi wa mafupa a miyendo ya ng'ombe wowawasa ndi chipatso cha batuan, ndi KBL, mphika wa nandolo, nyama ya nkhumba ndi chipatso chosapsa cha langka. Ndiwo ya tsiku ndi tsiku m'nyumba za antchito ndi laswa, masamba owiritsa ndi mchere ndi tinsomba touma pang'ono. Muscovado yemweyo, amene mafakitale akuluakulu anamukankhira pambali, anabwerera chifukwa cha njala ija. Anthu a ku Japan amene anasonkha thandizo mu 1986 anaona kuti kupereka chakudya sikuthetsa vuto, ndipo mu 1987 kunakhazikitsidwa Alter Trade, yogula muscovado kwa alimi ang'onoang'ono n'kugulitsa mwachindunji kwa magulu a ogula ku Japan, kenako ku Europe.

Lamulo logawa malo la 1988 linafika ku Negros mochedwa ndiponso mokokanakokana, moti chigawochi chakhala chimodzi mwa zotsalira kwambiri pa kugawa minda. Ena amene analandira hekitala imodzi kapena awiri, posowa ndalama ya feteleza ndi thalakitala, anabwereketsanso malowo kwa olemera n'kukhala aganyu pa munda wawo womwe. Pa 20 Okutobala 2018, ku Sagay, anthu 9 amene anayamba kulima mbewu zakudya pa hacienda ina anaphedwa usiku ali m'misasa yawo.

Lamulo la dziko loteteza cholowa cha fuko, la 2009, limati nyumba ikapitirira zaka 50 iyenera kuonedwa ngati chuma cha chikhalidwe. Nyumba za ku Silay zimalowa mosavuta, ngakhale kuzisamala n'kodula: chiswe, mphepo zamkuntho, ndi zidzukulu zobalalika ku Manila ndi ku America zosamvana chochita nazo. Zina zasanduka malo odyera ndi ogona alendo, ndipo bola kutero kusiyana ndi kugwa. Koma khumbi la nsungwi ndi masamba a kanjedza wa nipa silifika zaka 50. Mbiri ya odula nzimbe imasungidwa mwa njira zina. Ili mu composo, nyimbo zazitali za m'chinenero cha Hiligaynon zoimba ndi gitala, zosimba zinthu zimene zinachitikadi, ngozi, kuphana, njala. Ili m'zojambula za Nunelucio Alvarado wa ku Sagay, amene kwa zaka zambiri ankajambula a sacada a mapewa otakata ndi maso aukali, ndi za anzake Charlie Co ndi Norberto Roldan amene anayambitsa nawo gulu la Black Artists in Asia ku Bacolod mu 1986.

Ana ambiri a odula nzimbe sakufunanso espading, ndipo palibe angawaimbe mlandu. Amapita ku ntchito za zomangamanga ku Manila ndi ku Cebu, amene anaphunzira amalowa m'maofesi oyankha mafoni a makampani akunja amene achuluka ku Bacolod, ena amatuluka m'dzikomo. Eni minda tsopano amadandaula chaka ndi chaka kuti odula akusowa, ndipo ena ayamba kugula makina odulira. Makinawa amagwira bwino m'minda ikuluikulu ya m'zigwa zosalala, koma sakwera minda ya m'mapiri ndipo sapindula pa kahekitala kamodzi ka mlimi amene analandira malo kuboma, kumene nzimbe zikudulidwabe ndi chikwanje n'kukwezedwa pa lole paphewa.